Kuseri kwa Mpanda wa NyaKondowe

Keziya NyaKondowe anabadwira ku Chilumba, m'banja la asodzi, ndipo anthu a ku Kaporo kumene anakwatiwa anatenga nthawi kuti amukhululukire tchimo limeneli. Ankati mkazi wakunyanja sadziwa kukama ng'ombe, sadziwa kuwokera mpunga, chomwe amadziwa n'kukuwa basi, ngati aliyense amene akulankhula naye ali m'bwato pakati pa madzi. Kukama anaphunzira. Kuwokera anaphunzira mpaka kuwasiya m'mbuyo eni ake a dambo. Koma mawu sanatsitse. Akapempha mchere pakhomo loyandikana, mudzi wonse unkadziwa kuti lero kwa NyaKondowe ndiwo sizinakolere.

Anali wamfupi, wa mapazi otambalala ong'aluka zidendene, ndipo ankayenda ngati wachedwa kwinakwake. Mwamuna wake, Yotamu Mwakalinga, anali wamtali ndi wofatsa mpaka kukwiyitsa, munthu woti ng'ombe ikamuponda phazi amayamba ndi iye kupepesa. Anthu ankadabwa kuti awiriwa anapezana bwanji. Palibe chodabwitsa apa: Yotamu ankafuna womulankhulira, Keziya ankafuna womumvera, ndipo aliyense anapeza chake. Ankakondana kwambiri, ngakhale kuti mukanawafunsa akanakukanirani onse awiri.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali munda wa nthochi ndi chinangwa, pa kamtunda komwe madzi osefukira ankangonyambita n'kubwerera. Ku Kaporo malo otere sapezeka wamba. Chaka chomwe mpunga wakudambo wakokoloka, banja linkadya za m'mundamo mpaka mvula ina. Yotamu anaulandira kwa bambo ake, ndipo unkadikira mwana wawo mmodzi yekhayo, Ralph. Cha kumadzulo mundawo unachita malire ndi malo a Hudson Mwambene, mwana wa amalume ake a Yotamu, munthu wa ng'ombe zambiri. Pakati pa ng'ombe za Hudson ndi nthochi za Yotamu panali mpanda wa bango.

Tsono mpanda wa bango si khoma la njerwa loti umamanga kamodzi n'kuiwala. Madzi akabwera amaupendeka, chiswe chimadya nsichi, luzi limafumbwa. Chaka ndi chaka, mpunga ukatsala pang'ono kukololedwa, umayenera kumangidwanso, chifukwa akangokolola ng'ombe zimamasulidwa kuti ziziyenda mmene zifunira. Ndipo kamangidwe kake n'ka anthu awiri. Bango limaimikidwa pakati pa mbaliro ziwiri, ina mkati ina kunja. Wamkati amalowetsa luzi, wakunja amalikulunga pa mbaliro yake n'kulibweza, wamkati n'kumanga mfundo. Choncho mwini mpanda sangachitire mwina, ayenera kuponda kwa mnzake. Chikhalire cha mudziwo, phazi limodzi kuseri kwa mpanda linali la womanga. Sankapempha. Ankangoti odi, n'kuyamba ntchito. Palibe amene analemba zimenezi paliponse, chifukwa palibe amene anaganizapo kuti tsiku lina munthu wa nzeru zake angadzakane.

Kwa zaka zambiri Yotamu ankaima kunja, Keziya mkati, uku akumukalipira kuti akuchedwa kubweza luzi.

Apolisi anamutenga Yotamu mu 1974, masana dzuwa likuswa mtengo, ali pa mzere wogulitsa mpunga. Mlandu wake unali wakuti anawoloka Songwe kukalira maliro a azakhali ake kutsidya la Tanzania, ndipo wina anakanena kuti kumaliroko anakumana ndi zigawenga. Yotamu ameneyu, woopa ngakhale tsekwe! Anamukweza galimoto, matumba ake a mpunga n'kutsala pamzerepo, ndipo anthu ankawalambalala ngati muli njoka. Amene anakamunenera sanadziwike. Ambiri ankaloza Hudson ndi milomo, popeza ndiye anali wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzimo, koma umboni panalibe, ndipo sitimusenzetsa katundu amene sitinamuone akunyamula. Wake womwe tinamuona nawo ndi wokwanira.

Masiku amenewo kumangidwa kunali ngati nthenda yopatsirana. Abale ake a Yotamu anawoloka mtsinje mmodzimmodzi osatsanzika. Kutchalitchi benchi yomwe Keziya ankakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri. Iye anatumiza Ralph kwa makolo ake ku Chilumba kuti azikaphunzira kumeneko, kutali ndi dzina la bambo ake, n'kutsala yekha. Anthu ankayembekezera kuti nayenso amanga katundu. Anawauza pachitsime, mokuwa monga mwa masiku onse, kuti iye anakwatiwa ndi ng'ombe, sanabwere kudzacheza, ndipo mwini munda akadzabwera adzaupeza wonse mmene anausiyira.

Nyengo yomanga mpanda itakwana, anadula bango kumtsinje, anasenda luzi n'kuliviika, kenaka anazungulira kuseri. Anali ataganiza zomanga yekha: alowetse luzi m'malo angapo ali mkati, azungulire kunja kukalibweza, abwererenso mkati kukamanga. Ntchito ya anthu awiri pa miyendo iwiri.

"Odi kuno, alamu!" anatero.

Hudson anatuluka m'khola atavala jekete lake la misonkhano, lokhala ndi baji pachifuwa. Ankalivala ngakhale popita kokama.

"Mwaghona, mulamu," anatero Hudson, maso ali kumbali. "Koma apo musaponde."

"Mwati uli?"

"Ndati musaponde. Zinthu zasintha. Phazi la mkazi wa munthu amene uja likaoneka pamalo panga, akuluakulu adzati ine ndili nawo limodzi. Ndili ndi ana, mulamu."

"Munthu amene uja? Dzina lake lakuthawani? Si uja munkadya naye mbalagha mbale imodzi, inu n'kumasankha nyama iye n'kumadya nthochi zokha?"

"Tsitsani mawu, mulamu."

"Yayi! Mawu anga ndi omwewa, ndinabadwa nawo. Ng'ombe ndi zanu, nthochi ndi zanga. Mukufuna ndimange mpanda ndili m'mwamba ngati khwangwala?"

Hudson anangoti lamulo ndi lamulo, ngakhale sanatchule kuti ndi lamulo liti, n'kubwerera m'khola. Kunena chilungamo, chaka choyambacho anali mantha enieni. Munthuyo ankatuluka thukuta akangomva galimoto. Dyera linabwera pambuyo, litaona kuti mantha atsegula kale chitseko.

Keziya anayesa kumanga ali mkati, akukoka luzi ndi kawaya kopinda. Mpanda unaima, koma unali wolobodoka, woti mwana wa ng'ombe akautsamira umagwada. Anapita kwa akuluakulu a mudzi, ndipo onse anapezeka kuti akudwala mutu tsiku limenelo. Ndiye anavala chilundu chake chabwino n'kuyenda wapansi kupita ku bwalo la milandu.

Mlandu sanaulembe n'komwe. Ndani akanayerekeza kuitanitsa wapampando chifukwa cha mkazi wa womangidwa? Koma kalaliki wa pabwalopo, Reginald Kamphinda, mnyamata wa ku Dedza amene boma linamuponya kumpoto, anamumvera chisoni. Anamutsatira panja ngati akupita kukataya madzi.

"Mayi," anatero motsitsa, "mwa lamulo, ngati mnzanu wakana kuti muponde kwake, simungamukakamize popanda chigamulo, ndipo chigamulocho simuchipeza muno. Koma bwanji osabweza mpandawo? Muuzule, muumange phazi limodzi mkati mwa munda wanu. Kanjira kotsala kunjako ndi kanu ndithu. Mudzaponda panu, mbali zonse ziwiri, ndipo palibe angakuletseni."

Keziya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Imwe a kalaliki, mutu wanu ukugwira ntchito nadi. Yewo chomene. Mulungu akupatseni mkazi wosalongolola."

Malangizowo anali abwino, ndipo anachokera mu mtima wabwino. Vuto lake linali limodzi: Reginald anakulira kumapiri, kumene malire a munda ndi mwala kapena mtengo womwe agogo anauona. Ku Kaporo madzi amafafaniza chilichonse. Mizere imasalala, zikhomo zimapita kunyanja, ngakhale mtsinje umene umasamuka. Chomwe anthu amakhulupirira ndi chomwe chaimikidwanso madzi akaphwa. Kumeneko malire ndi mpanda, ndipo mpanda ndiwo malire. Keziya anali atakhala kumeneko zaka zokwanira kuti adziwe zimenezi, koma mtima wofuna kumuonetsa Hudson unamutseka m'maso.

Anazula mpanda wonse yekha, n'kuubweza phazi limodzi. Anaumanga wolimba, akuzungulira uku ndi uku mpaka miyendo kutupa, ndipo akafika kunja ankaponda mwamphamvu, akuimba nyimbo ya m'buku mokweza kuti a m'khola amve. Chaka chimenecho ng'ombe sizinalawe ngakhale tsamba. Ankayenda m'mudzi mutu uli m'mwamba.

Mvula itagwa, madzi anabwera n'kupita. Keziya atazungulira kuti akaone mmene mpanda wapendekera, anapeza kanjira kake kalimidwa, mizere ya chinangwa yafika mpaka pa bango penipeni.

"Alamu! Ichi n'chivichi?"

"Chinangwa, mulamu."

"Ndikuona kuti si mpunga! Mwabzala pa malo a Yotamu!"

"Malo a Yotamu ali mkati mwa mpanda wa Yotamu," anatero Hudson, ndipo ulendo uno anamuyang'ana m'maso. "Funsani aliyense. Mpanda munaumanga nokha, palibe anakugwirani dzanja."

Anafunsadi, ndipo aliyense anayang'ana pansi n'kunena kuti zoona, malire ndi mpanda. Keziya anazindikira kuti wapereka yekha, ndi manja ake, gawo la munda womwe analumbira kuti sudzachepa. Koma ng'ombe sizidikira kuti munthu amalize kudandaula. Nyengo yokolola inali pafupi, mpanda unafunika kumanga, ndipo kunja kunali koletsedwanso. Anakukuta mano n'kuubwezanso phazi lina.

Ulendo wachiwiriwu mzere wathunthu wa nthochi unatsala kunja, nthochi zomwe Yotamu anabzala chaka chomwe Ralph anabadwa. Mvula yotsatira Hudson anafikitsanso khasu lake pa bango. Tsiku lina Keziya anasuzumira pa mpata n'kuona Febby, mkazi wa Hudson, akudula mkoko wa nthochizo. Febby anali mnzake wa pamtondo kuyambira kale. Maso awo atakumana, Febby anagwetsa chikwanje n'kuyamba kulira.

"Andituma, munyane. Nditani ine?"

"Dula," anatero Keziya. "Zapsa kale. Koma ukamuuze kuti kachitatu kulibe."

Ndipo kachitatu kunalibedi. Chaka chimenecho anatenga luzi lake, anazungulira mpanda dzuwa lili pamutu, anaponda pakati pa chinangwa cha Hudson n'kuyamba kumanga. Sanati odi. Achinyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anabwera n'kumugwira mikono. Ena mwa iwo anali ana oti iye anawasambitsapo ali makanda, ndipo anawakumbutsa zimenezo mmodzimmodzi, mayina ndi matenda awo a paubwana, njira yonse mpaka ku ofesi ya nthambi. Anamukhazika padzuwa tsiku lonse, n'kumulamula kuti akazule udzu pabwalo la misonkhano ndi manja. Anazula. M'mawa mwake anapezekanso kuseri kwa mpanda ndi luzi lake. Anamutenganso, ndipo ulendo uno anabwerako akutsimphina, msana uli ndi mikwingwirima. Atayesa kachitatu anamuuza mosabisa kuti akadzapondanso adzakwera galimoto yomwe inatenga mwamuna wake, ndipo munda udzatsala wopanda mwini.

Apo ndiye anaima. Sanaope galimotoyo, ayi. Anaona kuti akakwera, Hudson sadzavutikanso ndi phazi limodzilimodzi.

Mpanda unatsala womangidwa theka. Ng'ombe zinapeza pofooka n'kulowa, ndipo Keziya ankakhalira kuzithamangitsa ndi mtengo kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, osapita kudambo, osapita kutchalitchi. Anaonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Anthu ankati mayi uja mutu wayamba kusokonekera, chifukwa ankatukwana ng'ombe iliyonse ndi dzina la mwini wake.

M'nyengo imeneyo kunabwera munthu wina wofuna kugula nthochi. Anali wowonda, wopanda mano akutsogolo, ndipo ankalankhula akuyang'ana kumsewu. Anati dzina lake ndi Zebedee, wa ku Mwenilondo, ndipo anali atangotulutsidwa kumene kundende. Anakhala chipinda chimodzi ndi Yotamu.

"Amama, ndabwera kuti mtima wanga upepuke," anatero akunamizira kupima mkoko ndi dzanja. "Amuna anu anatupa miyendo, kenaka mimba. Tsiku lina anawanyamula pa bulangete kutuluka nawo. Sanabwererenso."

"Anapita nawo kuti?"

"Sitinauzidwe. Ena ankati kuchipatala."

"Munawaona atafa?"

"Yayi, amama. Ankapuma."

"Ndiye sanafe," anatero Keziya. "Tengani nthochizo muzipita. Yotamu amachedwa pa chilichonse, ameneyo. Abwera."

Anakhulupiriradi zimenezo, kapena anadzikakamiza kukhulupirira, zomwe kulemera kwake n'kumodzi. Aliyense amene anayerekeza kumupepesa ngati wamasiye anabwerako makutu akulira. Mwamuna wake anali moyo, ndipo anali wokonzeka kumenyana ndi mudzi wonse pa mfundo imeneyo.

Kenaka m'mawa wina Keziya anaona ngolo ikutsitsa nsichi pakhomo pa Hudson, nsichi zikuluzikulu za mitengo yosafumbwa, pamodzi ndi mpukutu wa waya waminga. Febby anamutsina khutu pachitsime: Hudson akufuna kumanga mpanda wakewake, wa waya, motsatira pomwe pafika chinangwa chake. Keziya anadziwa tanthauzo lake. Bango limagwa, limasuntha, munthu ukhoza kudzalibweza zinthu zikadzasintha. Waya ukaima waima. Ralph adzakula n'kupeza munda wodulidwa, ndipo sipadzakhala munthu wokumbukira kuti unkafika pati.

Tsiku limenelo sanathamangitse ng'ombe. Anakhala pakhonde manja ali m'masaya, chete, moti anthu odutsa anachita mantha kuposa mmene ankachitira akamakuwa. Ankaganiza za chinthu chimodzi chomwe madzi sachotsa, khasu silikhudza, ndipo ngakhale wapampando sangachisunthe. Kwa anthu a mwamuna wake munthu saikidwa kutali. Amaikidwa pakhomo, pa nthaka yake, pafupi ndi nthochi zake. Ndipo munthu akafera kutali thupi lake osapezeka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu zake n'kuliika m'malo mwake. Keziya ankadziwa mwambowo. Ankadziwanso mtengo wake: kuti auchite, anayenera kunena ndi pakamwa pake, pamaso pa anthu onse, mawu omwe anakhala akuwakana. Analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni, kopanda mawu.

Kutacha anadula thunthu lalitali kuposa onse, chifukwa Yotamu anali wamtali. Analiveka malaya ake a kutchalitchi, analikulunga m'bulangete lawo laukwati n'kuligoneka pamphasa m'nyumba. Kenaka anatenga khasu, anazungulira mpanda, anadutsa m'chinangwa cha Hudson mpaka pa mzere wakale, pomwe mpanda unkaima Yotamu asanatengedwe. Pamenepo anaponya khasu pansi n'kuyamba kulira maliro.

Mawu aja omwe mudzi unkawaseka kwa zaka zonsezi anamveka mpaka kudambo. Analira m'Chitumbuka cha kwawo, analira m'Chinkhonde cha kwa mwamuna wake, akutchula dzina lomwe anthu anali atasiya kulitchula. Yotamu Mwakalinga! Yotamu Mwakalinga! Ndipo uku akulira, uku akukumba.

Kulira womangidwa kunali koopsa, aliyense ankadziwa. Koma mkazi kukumba yekha manda a mwamuna wake, amuna a m'mudzi ali pomwepo akuonerera, chimenecho ndi chitonzo chomwe mudzi sungachichotse ngakhale utasamba chaka chathunthu. Oyamba kufika anali amayi okalamba, omwe analibenso choopa. Febby anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja, n'kudzigwetsa pansi pafupi ndi mnzake. Kenaka amayi ena, kenaka ena. Mkulu wina wa mpingo anayandikira mwakachetechete n'kulanda khasu m'manja mwa Keziya. Achinyamata a malaya ofiira anafika ndi ndodo zawo, n'kupeza kuti pakati pa olirawo pali amayi awo owabereka. Anaima patali ngati abwera kudzaonerera mpira.

Hudson anatulukira atavala jekete lija, nkhope itachita mdima.

"Mulamu, mukuchita chiyani pamalo panga?"

"Ndikuika msuweni wanu pa nthaka ya bambo ake."

"Boma silinanene kuti wamwalira! Mukufuna kutipalamulira tonse?"

Keziya anadzuka, matope ali m'maondo, n'kupukuta m'maso. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Kaporo analankhula motsitsa, moti anthu anachita kuwerama kuti amve.

"Ngati ali moyo, alamu, pitani mukamutenge. Inu ndinu odziwana nawo akuluakuluwo. Mukabwera naye, dzenjeli ndikwirira ndekha ndi manja, ndipo munda wonsewu ndikupatsani. Ngati simungathe, gwirani khasu. Mayi ake anali azakhali anu."

Hudson anayang'ana achinyamata ake, iwo n'kuyang'ana kumwamba. Anayang'ana amuna anzake, ndipo anaona m'maso mwawo chinthu chomwe baji singachiletse. Kumeneko m'bale amene wakana kukumba manda a m'bale wake amakhala wadziulula yekha kuti imfayo akuidziwa. Akanachoka pamenepo, dzina lomwe anthu ankangolinong'ona likanamumatirira mpaka kwa zidzukulu zake. Kenaka anavula jekete, analipachika pa nthochi, n'kulowa m'dzenje.

Ng'oma sinalire tsiku limenelo, ndipo ng'ombe sinaphedwe. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, akusankha mawu ngati akuyenda paminga. Koma thunthu linatsitsidwa mwaulemu wonse, mutu kuloza koyenera, ndipo Hudson mwini wake ndi amene analilandira pansi. Pochita zimenezo anavomereza pamaso pa mudzi wonse kuti nthaka imeneyo ndi ya Yotamu, pakuti munthu saikidwa m'munda mwa eni.

Chinangwa chija anazula yekha sabata yomweyo, popeza panalibe m'nyumba mwake amene akanadya chinangwa cha pamanda. Nsichi zake anakamangira khola. Keziya anabwezera mpanda wake ku mzere wakale, n'kusiya manda kunja kwake pamodzi ndi kanjira kofikira. M'mawa uliwonse ankazungulira ndi tsache kukasesa, ndipo sanabadwe munthu woletsa wamasiye kusesa manda a mwamuna wake. Nyengo yomanga ikakwana ankaima pomwepo, pambali pa mulu wa dothi, n'kumabweza luzi. Kunabwera mapolisi awiri kudzafunsa za malirowo. Anapeza mudzi wonse sukukumbukira bwino, ndipo wapampando mwini wake anati inali nkhani ya pabanja.

Keziya anapambana, ndipo anthu anayamba kumupatsa ulemu womwe amapatsa munthu amene akumuopa pang'ono. Koma musaganize kuti anasangalala. Anametedwa tsitsi monga mwa mwambo. Kutchalitchi anamukhazika pa benchi ya amasiye n'kumamupempherera monga wamasiye, iye n'kumayankha ameni. Analembera Ralph kuti bambo ake anaikidwa, ndipo mwanayo analira n'kuvomereza. Aliyense anavomereza. Amene sanavomereze anali mmodzi yekha, yemwe anakumba mandawo.

Zaka zinapita. Ena omangidwa anatulutsidwa, okalamba ndi odwala, ndipo nthawi iliyonse mphekesera ikamveka kuti kwatsika anthu ku Karonga, NyaKondowe ankapezeka kuti ali ndi chofuna kugula kumsewu. Ankaima pamenepo mpaka basi yomaliza itadutsa, n'kubwerera wopanda kanthu m'manja. Palibe amene ankamufunsa. Yotamu sanabwere, ndipo palibe anabweretsa mawu ena onena za iye, abwino kapena oipa.

Febby ndi amene ankamumva Keziya, chifukwa khitchini yake inali pafupi. Ankati m'mawa, tsache likamalira kuseri kwa mpanda, pankamvekanso mawu a Keziya akukalipa ngati kale.

"Imwe adada ŵa Ralph, ngati muli uko mukupuma, bwerani. Bwerani mudzandifunse kuti ndinakuikiranji m'manda muli maso. Mudzanditukwane pamaso pa anthu, mudzandibweze kwathu ku Chilumba ngati mukufuna, sindidzayankha ngakhale liwu limodzi. Koma musanatero mudzayambe mwayenda m'munda mwanu, kuchokera uko mpaka kuno, mudzandiuze ngati mwasowa phazi."

Akatero ankakhala chete kanthawi, tsache lili m'manja, ngati akumupatsa mpata woti ayankhe. Kenaka ankapitiriza kusesa.